Atate ndi Phala la Mwana

Pakati pa ife Acewa mwamuna amayesedwa ndi zinthu zooneka patali. Anthu akafuna kumtama amaloza nkhokwe yace, tsindwi la nyumba yace ndi khola la mbuzi zace, nati, "Uyo ndiye mwamuna, banja lace siligona ndi njala." Kutama kotere nkoyenera, pakuti nchito zimenezi zifuna thukuta lambiri. Koma sindinamvepo ndi kamodzi komwe munthu alikutama mnzace cifukwa cakuti adziwa kuculuka kwa phala limene mwana wace wakhanda amatha pa tsiku. Ambiri a ife tikhoza kuchula matumba a cimanga amene tinakolola caka catha osaphonya ngakhale limodzi, koma wina atatifunsa cimene mwana wadya m'mawa muno, tidzayankha msanga kuti, "Kafunseni amace." Ine ndiganiza kuti yankho limeneli limatitayitsa zinthu ziwiri za mtengo wapatali, ndizo thanzi la mwana ndi cikondi cace pa atate wace, ndipo zonse ziwirizi zipezeka m'kambale kamodzi ka phala.

Tisanadzudzule munthu aliyense, tiyambe taona kumene mkhalidwe umenewu unacokera. Mwana akabadwa kumudzi, mai ndi khanda lace amakhala m'cikuta kufikira mcombo utagwa, ndipo m'nyumba imeneyo mwamuna salowamo. Zonse ziri m'manja mwa azamba ndi agogo. Pamwamba pa izi pali cikamwini. Mwamuna akhala kwao kwa mkazi monga mlendo, ana awerengedwa ku mbumba ya amai ao, ndipo mwini mbumbayo ndiye malume. Ikakwana nthawi ya nsima, amuna adyera paokha, akazi ndi tiana nadyera paokha. Motero kuyambira tsiku lobadwa, miyambo yathu inaimika atate capatali ndi mwana wamng'ono. Makolo athu sanacite izi cifukwa ca kuuma mtima iai. Mudzi wa masiku aja unali wodzala ndi manja: agogo, amai aakulu, amai aang'ono ndi atsikana olera, onse pabwalo limodzi, kotero kuti dzanja la mwamuna silinafunike kwenikweni pa kambale ka mwana.

Pambuyo pace kunadza msonkho wa Azungu, wofuna ndalama zimene m'mudzi munalibe. Amuna a dera la Fort Jameson, kumene lero kuchedwa Chipata, ndi a ku Petauke anayamba maulendo a ku mapulazi a ku Southern Rhodesia, ku mgodi wa malasha wa ku Wankie ndi ku Joni. M'zaka zoyamba za m'ma 1930, pamene migodi ya ku Luanshya, Nkana ndi Mufulira inayamba kutulutsa mkuwa, njira inanso inatseguka. Ena anabwerako patapita zaka, ena nakhala machona. Mai wina wophunzira wa ku England, Audrey Richards, anatulutsa buku mu 1939 lonena za minda ndi zakudya za Abemba, m'mene anaonetsa kuti kucoka kwa amuna kunamveka mpaka mumphika wa otsala kumudzi. Kwathunso zinali comweco. Kuyambira nthawi imeneyo atate wabwino anasanduka munthu wotumiza ndalama, bulangeti ndi nsalu, ndipo ana ambiri anadziwa mphatso za atate ao asanadziwe nkhope zao.

Ine ndine mmodzi wa ana otere. Atate anga anagwira nchito ku mgodi wa ku Luanshya, ife titatsala ndi amai kumudzi kwathu kufupi ndi Katete. Ndikumbukira kubwera kwao kwina ndiri ndi zaka ngati zinai. Anafika ndi sutukesi yaikulu, natulutsamo nsapato zanga zoyamba, koma ine ndinathawira kuseri kwa nkhokwe, ndipo amai atandikoka kuti ndikawapatse moni, ndinalira ngati ndaona cirombo. Atate sanakwiye, sanandikakamizenso. Madzulo, nsima itapsa, analeka kukadya ndi amuna anzao, nakhala pakhonde pamene ine ndinali kuwaona. Anatenga nsomba imene amai anaphika, nacotsamo minga imodziimodzi, naumba kambamu kakang'ono, natambasula dzanja osanena kanthu. Tsiku loyamba sindinapite. Tsiku laciwiri ndinakwatula kambamuko ndi kukadyera kwa amai. Tsiku lacitatu ndinadya nditakhala pamiyendo pao. Maonekedwe a nsapato zija ndinaiwala kalekale, koma zala zao zokhakhala zirikufunafuna minga m'nsomba ndiziona m'maso mwanga kufikira lero. Pamenepo ndinaphunzira, ngakhale sindikanatha kucinena, kuti mwana wamng'ono sadziwa amene anagula cakudya. Iye adziwa amene anamuikira m'kamwa.

Nditakula ndinakhala mphunzitsi, ndinakwatira, ndi kumanga nyumba pa mudzi wa apongozi anga, pafupi ndi sukulu. Mwana wathu woyamba, wamkazi, anabadwa pa nthawi imene ciphunzitso ca kusikelo cinali citasintha. Kale amai ambiri anali kuyamba kumwetsa makanda phala lamadzimadzi ali ndi miyezi iwiri kapena itatu, poganiza kuti kulira kwao konse ndi njala. Koma mu 2001 bungwe loyang'anira za umoyo pa dziko lonse, World Health Organization, linalangiza kuti mwana ayamwe bere lokha kwa miyezi 6 yathunthu, wosapatsidwa ngakhale madzi, ndipo atayamba zakudya zina apitirize kuyamwa kufikira zaka 2 kapena kuposa apo. Cifukwa cace ncakuti mkaka wa m'mawere uli ndi zonse zimene khanda lifuna pa msinkhu umenewo, ndipo ulibe litsiro, pamene madzi ndi phala zikhoza kulowetsa matenda a m'mimba. M'miyezi imeneyo nchito yanga inali ya m'mbali: kutema nkhuni, kutunga madzi pa njinga, kuona kuti amace alikudya mokwanira, ndi kumnyamula mwana usiku akalira. Koma kunena zoona, khanda loyamwa liri ndi mwini mmodzi. Ndikamnyamula anali kutembenuza mutu kufunafuna bere, ndipo posalipeza anali kundikana.

Mwezi wacisanu ndi cimodzi ukatha zinthu zisintha. Mkaka wokha suthanso kukwanira thupi limene lirikukula msanga, makamaka pa ayironi, cinthu cothandiza kupanga magazi, cimene mwana amabadwa naco cosungidwa m'thupi koma cimayamba kutha pa msinkhu umenewu. Mwananso amakhala wokonzeka: khosi lalimba, akhoza kukhala tsonga mukamcirikiza, ndipo maso ace atsata dzanja la munthu wakudya kucokera m'mbale kufika pakamwa. Apa ndipo khomo litseguka kwa atate, pakuti bere nla mai yekha koma supuni agwira aliyense. Tsiku limene tinayamba, ndinasamba m'manja ndi sopo, ndinamkhazika pamwendo panga moyang'anana nane, ndi kuika kaphala pang'ono pa mlomo wace. Anacita tsinya, nakatulutsa ndi lilime, kaphalako nikatsikira pacibwano. Amace anaseka nati, "Atate ace, musafulumire, sanaphunzire kumeza." Anesi anali atatiuza kuti poyamba masupuni akulu 2 kapena 3 akwana, kawiri kapena katatu pa tsiku, pa miyezi 9 mwana adye katatu kapena kanai, theka la kapu nthawi iriyonse, atakwana caka ayandikire kapu yodzala. Patapita masiku owerengeka ndinayamba kumva cinenero cace. Akayasama ndi kuweramira ku supuni, ndiye kuti afuna. Akatseka pakamwa ndi kuyang'ana kumbali, wakhuta, ndipo kumkakamiza nkumdanitsa ndi cakudya. Cinenero cimeneci aphunzira ndi munthu yekhayo amene akhala naye maso ndi maso m'mawa uliwonse.

Nchito imeneyi sinakondweretse onse. Apongozi anga aakazi, monga mwa mwambo, sanali kulankhula nane poyera. Anakhala kuseri kwa nyumba nanena ndi mwana wao mokweza kuti inenso ndimve: "Iwe, uwauze apongozi kuti alikuticititsa manyazi. Anthu adzati m'mudzi muno mulibe akazi, kapena adzati ndinabala mwana waulesi." Mau awa ndinawamvetsa, pakuti ulemu wa nyumba yao unali pamenepo. Ndinayankha kudzera mwa mkazi wanga kuti, "Muwauze amai kuti sindirikulanda nchito ya munthu. Ndipempha kuti atiphunzitse kukonza phala la nsinjiro monga anali kukonzera ana ao, kuti mdzukulu wao adye za manja a agogo ace." M'mawa mwace kunabwera kambale ka nsinjiro zosefa bwino, pamodzi ndi malangizo akuti phalalo liwire nthawi yaitali pa moto wocepa. Pa nkhani ya mazira tinacedwa kumvana. Iwo anakhulupirira, monga akulu ambiri, kuti dzira limadwalitsa mwana khunyu. Sindinatsutsane nao. Tinawapempha kuti aperekeze mdzukulu wao kusikelo, ndipo kumeneko anesi anawafotokozera kuti kukomoka kwa ana kumadza kawirikawiri ndi kutentha thupi, monga kwa malungo, ndi kuti dzira lophikidwa bwino ndi cakudya comanga thupi. Anaona okha mzere wa pa khadi ulikukwera mwezi ndi mwezi. Pambuyo pace iwo eni ndiwo anali kutumiza mazira a nkhuku zao.

Anzanga a pa nsolo naonso sanandileke. Wina anati, "Aphunzitsi, kodi anakudyetsani kondaine? Mawa tidzakuonani mutabvala citenje." Onse anaseka, inenso ndinaseka nao. Koma ndinamfunsa kuti, "Acimwene, ng'ombe yanu ikabala, kodi simudzuka usiku kukaona ngati thole layamwa? Nanga ndani anakunenani kuti mwasanduka mkazi?" Akulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Amuna ambiri amene ndalankhula nao paokha abvomera kuti mtima wao ufuna kunyamula ndi kudyetsa mwana, koma aopa pakamwa pa anzao.

Tsono ndinene cinthu cimene ndiciyesa cacikulu koposa. Munthu wogwira supuni amaona zimene ziri m'phala. Mimba ya mwana wa miyezi 8 njaing'ono, ngati kapu imodzi ya tiyi. Mukaidzaza ndi phala lamadzi la ufa woyera, mwana akhuta, aleka kulira, koma thupi lace lalandira zocepa. Phala loyenera ndi lolimbirako, losayenderera msanga mukapendeketsa supuni, ndipo lifuna cotsagana naco: nsinjiro, dzira, kapenta wosinja, nyemba zophwanya, nkhwani wofewa, dzungu kapena mbatata yofiira m'kati, ndi kasupuni ka mafuta ophikira. Uci mwana asapatsidwe asanakwane caka, ndipo nsawa zathunthu, zimene ena ati mtedza, akhoza kutsamwa nazo.

Za phala la cimanga cokha dziko linacenjezedwa kale. Mu 1933 dokotala wina wamkazi, Cicely Williams, alikugwira nchito ku Gold Coast, kumene lero ndi Ghana, analongosola nthenda ya ana otupa miyendo ndi osupuka khungu, amene cakudya cao cinali phala la cimanga. Mu 1935 anaichula ndi dzina la anthu a kumeneko, kwashiorkor, kunena nthenda ya mwana wolandidwa bere ndi mng'ono wace. Kwathu ana otupa motere anali kuyesedwa a mdulo, ndipo mlandu unali kugwera atate kapena amai, kuti sanasunge mwambo wa m'nyumba. Ndiona kuti makolo analondola ponena kuti moyo wa khanda uli m'manja mwa atate omwe. Cimene tadziwa tsopano ncakuti udindo umenewo ufika mpaka m'kambale.

Bvuto limeneli silinathe. Kafukufuku wa boma wa za umoyo wa mu 2018 anapeza kuti m'Zambia ana 35 mwa ana 100 alionse osakwana zaka 5 anali opinimbira, ndiko kufupika kosayenerana ndi zaka zao. Kupinimbira kumeneku kumacitika makamaka m'masiku 1,000 oyamba, kuyambira pamene mai atenga pakati kufikira mwana atakwana zaka 2, ndipo cimene catayika m'masiku amenewo ncobvuta kucibweza, m'thupi ndi m'nzeru momwe. Nanga ndani agwira mfungulo ya zinthu zimene phala lisowa? Dera lathu la kum'mawa lidziwika ndi nsawa za Chalimbana, koma amene alamula kuti matumba angati agulitsidwe ndi angati atsale ndiye mwamuna. Kawirikawiri zabwino zipita kumsika, zonyala ndi zacuku nizitsala pakhomo, cikhalireco cuku ca nsawa ciri ndi ululu woononga ciwindi. Nkhuku ikaphedwa, nthutumba ndi mnofu zipita ku mbale ya atate, mwana napatsidwa msuzi. Mazira agulitsidwa kuti tigule mcere kapena fodya. Mai akhoza kumva ciphunzitso conse ca kusikelo, koma akafika kunyumba alibe mphamvu pa thumba kapena pa khola. Mwamuna amene waona ndi maso ace phala lirikuyenderera pa supuni ngati madzi safuna womuuza. Iye mwini apatula thumba la nsawa zabwino, nati, "Ili nla mwana, munthu asalikhudze."

Phindu lina ndinaliona mwana wathu ali ndi caka ndi miyezi iwiri. Amace anadwala malungo akulu, nagonekedwa m'cipatala masiku anai, agogo napita nao kukawadikira. Mwana anatsala ndi ine. Usiku woyamba analirira bere mpaka mau anasasa, ndipo ndinayenda naye pabwalo nditambereka ndi citenje ca amace. Koma kutaca, nditamkhazika pamwendo ndi kambale kace, anayasama monga mwa masiku onse. Anadya masiku onse anai, ndipo pa sikelo yotsatira mzere wace sunatsike. Ndaona makomo ena kumene mai akadwala kapena akapita ku maliro akutali, mwana akana cakudya ca munthu aliyense, atate naima pakhomo ndi ndalama m'thumba, wosadziwa poyambira. Masiku ano ciopsezo cimeneci cakula, pakuti mabanja ambiri akhala m'makomboni a ku Lusaka ndi ku Kitwe, kutali ndi agogo ndi amai aang'ono, ndipo mai nayenso alawirira kumsika kapena ku nchito. Manja ambiri aja a m'mudzi wakale kumeneko kulibe. Atsala manja anai okha, ndipo awiri akapindidwa, wobvutika ndi mwana.

Lero mwana uja ndi wamkulu, ndipo akakhala ndi nkhani yomlemera amabwera kudzakhala pafupi nane wosaopa. Sindinganene kuti phala lokha ndilo linacita izi, koma ndidziwa pamene kuzolowerana kwathu kunayambira. M'mera mpoyamba.

Boma lathu linacitapo kanthu pa za atate. Lamulo la nchito la mu 2019 lipatsa mwamuna amene wagwira kwa bwana mmodzi miyezi 12 masiku 5 opuma mkazi wace akabala. Ici ncabwino, koma masiku amenewo adza mwana ali wa bere lokha, ndipo mlimi wa kumudzi kapena wogulitsa pa msika lamulolo silimkhudza. Nthawi ya supuni ifika patapita theka la caka, ndipo sifuna cilolezo ca bwana. Ifuna mphindi zowerengeka m'mawa munthu asanapite kumunda, kapena madzulo atabwera ku nchito. Ngakhale wogwira nchito kutali, wobwera kamodzi pa mwezi, akhoza kupatula cakudya cimodzi ca masiku amene ali pakhomo, adye ndi mwana wace m'malo mwa kukadya ndi anzace.

Tsono kwa inu amuna anzanga, makamaka anyamata amene mwangolowa m'banja, ndinena izi. Funsani akazi anu tsiku la sikelo, mupite nao, muone khadi la mwana ndi maso anu. Mwana akakwana miyezi 6, sankhani cakudya cimodzi pa tsiku cikhale canu. Musamdyetse mofulumira, musamuopseze ndi galu kapena cirombo kuti ameze, mulankhule naye pomdyetsa, ndipo akakana cakudya catsopano lero, muyesenso tsiku lina. Inunso amai ndi agogo, mukaona mkamwini watenga kambale, musamseke ngakhale phala litatayikira pa malaya ace. Mpatseni malo pamphasa ndi kumuonetsa kagwiridwe ka supuni. Miyezi imeneyi njowerengeka. Posacedwa mwana adzalanda supuni kuti adye yekha, ndipo atate amene anali kudikira kuti mwana ayambe wakula adzapeza kuti nthawi yace inapita kale.